Blantyre wa Madala a Pansi

Amayi anamwalira ine ndili wotopa, mwezi wanga womaliza. Iwo anali ku Ndirande, ine kuno ku Takoma Park, ku America, ndipo adokotala anati za ndege ndisayerekeze. Maliro ndinaonera pa foni. Mng'ono wanga anaimika foniyo pampando, ndiye ndinkangoona miyendo ya anthu ndi zitenje zikudutsa, nyimbo ikumveka modukaduka. Atanyamuka kupita kumanda chithunzi chinaima, kenako chinazima. Ndinakhalabe pa sofa foni ili m'manja mpaka amuna anga anadzandilanda. Sindinalire. Ndinanyamuka n'kukatsuka mbale zimene zinali mu sinki.

Mwana anabadwa mu Januwale, wamwamuna. Anamwino atandiikira pachifuwa ndinamuyang'ana monga umayang'anira mwana wa mayi amene wakhala naye pafupi mu minibasi. Ndinkamuyamwitsa, kumusambitsa, kumusintha matewera, chilichonse pa nthawi yake. Palibe chimene ankasowa. Koma dzina lake sindinkalitchula. Analipereka ndi amuna anga kuchipatala, poti kuno dzina amalifuna musanatuluke. Ine ndinkangoti "mwanayu". Kwathu dzina limadikira mchombo. Ukagwa n'kukwiriridwa, mwana amatuluka m'chikuta, ndiye anthu amayamba kumuitana. Amene anayenera kudzachita zimenezi anali amayi. Anali atagula kale juzi pa kaunjika, yoti adzavale akadzafika kuno kozizira.

Udindo unatsala m'manja mwa amayi aakulu, akulu awo a amayi, amene amakhala ku Chirimba. Ankaimba foni pafupipafupi, ndipo ankakuwa ngati mawu awo ayenera kuwoloka nyanja okha.

"Uziuyang'anira mchombowo, wamva? Usagwere pa umuna pake. Ungatithere mtundu iwe."

Unagwa m'mawa wina ndikumuvula, n'kugwera cha m'mbali, pa thaulo. Kanali kanthu kakuda kouma, ngati kansonga ka nthochi. Ndinakakulunga m'kansalu kamene ndinang'amba ku chitenje chimene amayi anandipatsa pobwera kuno, n'kukaika m'kachitini kotha mafuta odzola.

"Tsopano ukwirire," anatero amayi aakulu. "M'dothi lenileni. Mwamuna asaone, ngakhale bambo ake. Ukakwirira ndiye umuitane dzina. Mwana wosakwiriridwa mchombo sakhazikika, amangokhala mlendo paliponse."

"Amayi, tili pamwamba kuno, nyumba yosanja. Koma ndili ndi mphika wa maluwa pawindo."

"Mphika? Dothi logula m'sitolo? Ndiye mukamadzasamuka mudzazisenza pamutu? Usandiseketse ndili pachisoni."

Amuna anga amayendetsa galimoto ku ofesi ina mu Washington, amachoka m'mamawa n'kubwera atatopa. Nditawauza anapukusa mutu.

"Amake mwana, zimenezo n'za kumudzi. Kuno ukakumba pabwalo la eni akuitanira apolisi. Dzina mwana ali nalo kale."

Mayi wina wa kutchalitchi, wa ku Zambia, anabwera kudzaona mwana. Iyenso nditamufunsa anaseka.

"Iwe mwana, manje kuno ni ku America. Taya chabe mu bini, Mulungu aziba."

Onse awiri ndinawavomera ndi mutu. Kachitini ndinakaika m'thumba la jekete, ndipo kanakhala mmenemo.

M'chipinda cha pansi, pafupi ndi khomo lolowera, munkakhala mzungu wina wokalamba. Ine ndi amuna anga tinkangoti Madala a Pansi. Anali amfupi, a manja aakulu, ndipo ankakhala okha. Kale ankakonza ma lifti m'nyumba zazitali. Chingerezi chawo chinali ngati cha munthu amene wavumata mbatata yotentha, moti ine amene ndinalekera sukulu sitandade faifi, ndipo Chingerezi ndinachitolera kuno pokolopa m'maofesi, ndinkawamva theka. Ubwino wake ankakonda kubwereza nkhani.

Tinadziwana kuchipinda chochapira zovala, ndili ndi pakati, amayi akadali moyo. Anayang'ana chitenje changa n'kufunsa kwathu. Ine manyazi ndi anga chibadwire, ndiye ndinayankha ndikuyang'ana makina. Ndinati ku Malawi. Anati Malawi mbali iti. Ndinati Blantyre. Anaika basiketi yawo pansi n'kudzimenya pachifuwa.

"Inenso!"

Ndinaona ngati akundinyoza. Anapita kuchipinda kwawo n'kubwera ndi chithunzi cha m'galasi chimene anachotsa pakhoma. Panali mtsinje waukulu wakuda, mitengo, ndi nyumba yaitali yoyera ya mawindo ang'onoang'ono. Anati uyu ndiye Blantyre woyamba, wa ku Scotland, katawuni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Anati pamtsinjepo panali fakitale ya thonje, yoyendera madzi, ndipo ana ankagwiramo ntchito kuyambira kusanache, akulumikiza ulusi woduka pansi pa makina. M'nyumba yoyerayo mabanja ankakhala chipinda chimodzi banja lonse. Mmodzi mwa ana amenewo anadzaphunzira udokotala, n'kukhala mmishonale, n'kudzayenda m'dziko lathu. Atamwalira, amishoni ena anabwera kudzamanga tchalitchi kwathu, ndipo malowo anawapatsa dzina la kumene iye anabadwira.

"Ndiye mwana anakula kuposa make," anatero. "Wanu ndi mzinda, wathu ukayenda pang'ono watulukamo."

Mmishonaleyo ndinkamudziwa, nkhope yake inali m'buku la kusukulu. Koma zoti dzina la kwathu linachita kubwera pa sitima ya pamadzi palibe anandiuzapo. Madzulo ake ndinawaimbira amayi kuwauza. Anati, "Zawo zimenezo. Ife timati ku Kabula." Kuyambira tsiku limenelo Madala akandiona ankati, "Mtsikana wa kwathu." Amayi atamwalira anamva kwa amuna anga. Anangosiya buledi wa zipatso pakhomo pathu.

Sabata zinadutsa kachitini kali m'thumba. Amayi aakulu akaimba ndinkangoiyang'ana foni mpaka isiye kulira. M'mawa wina amuna anga atapita kuntchito, ndinabereka mwana, n'kuvala jekete lawo lalikulu pamwamba kuti atifunde tonse. Ndinatenga supuni yaikulu yopakulira mpunga. Kuseri kwa nyumba yathu, kupitirira pamene pamakhala mabini, pali mpanda wa waya ndi kamzere ka udzu. Ndinagwada pamenepo.

Kuno ndinali nditakhala nyengo zozizira zingapo, koma nthaka ndinali ndisanaigwirepo. Ndinkadziwa kuti madzi amauma kukhala mwala, koma za dothi sindinkadziwa. Kwathu dothi likalimba ndiye kuti ndi dzuwa la Okutobala, ndipo ukalimbikira limagonja. Ili linali ngati simenti. Supuni inangolira. Ndinamenyanso. Inapindika pakhosi. Ndinaiwongola ndi bondo n'kumenyanso, ndipo ndinapitiriza choncho osaganiza kanthu. Zala zinasiya kumva. Mwana anali m'tulo kumbuyo, mutu wake ukugunda msana wanga ndikamenya.

"Mtsikana wa kwathu, ukufuna malasha? Kuno kulibe, ndinayang'ana kale."

Anali Madala, atanyamula thumba la zinyalala, atavala chipewa cha ubweya. Ndinabisa supuni kumbuyo ngati mwana wakuba shuga. Ndinkadikira kuti atchule apolisi. Anataya thumba lawo m'bini n'kubwera pafupi, akuyang'ana pamene ndinakanda.

"Wafa ndani? Mbalame?"

Ndinapukusa mutu. Mawu a Chingerezi a chinthucho sindinkawadziwa. Ndinaloza mwana kumbuyo, kenako ndinaloza pamimba panga, pakati, kenako ndinatulutsa kachitini osakatsekula. Ndinati, "Ziyenera kulowa m'dothi. Kwathu timatero. Amayi anga ndi amene akanachita."

Anapumira m'manja.

"Pano ayi," anatero. "Kukangofunda eni nyumba abwera ndi makina odulira udzu, agalu nawonso amakodza pomwepa. Kavale magolovesi, undipeze pakhomo."

Ndinakwera, ndinavala magolovesi a amuna anga, ndinatsika. Ndinawapeza ali ndi kangolo kokoka, muli piki, fosholo yaing'ono, ndi mafulasiki awiri ndi ketulo atakulunga m'thaulo. Tinayenda mumsewu wa nyumba zakale za makonde, iwo patsogolo akutsimphina, ine m'mbuyo. Sitima ya Metro inadutsa chapatali. Tinafika pa dimba lotchingidwa ndi waya, logawidwa timinda ting'onoting'ono, kamodzi ngati mphasa ziwiri. Anati anthu okhala m'nyumba zosanja amabwereka timindato, ndipo kawo akhala nako zaka zambiri. Munalibe munthu. Zonse zinali zouma, mitengo ya tomato itangoima yokha.

Kamunda kawo anakafunditsa udzu wouma ndi kapeti yakale. Anavundukula pakona. Anati pansipo pagona chomera china cha mapesi ofiira owawasa, chimene kwawo aliyense ali nacho kuseri kwa nyumba, ndipo sichizulidwa, chimaphukira chokha chaka ndi chaka.

"Pambali pake palibe adzakumbe. Ngakhale ine nditafa, wotenga kamundaka adzachisiya. Munthu wamisala yekha ndi amene angachizule."

Anathira madzi otentha pang'onopang'ono. Nthunzi inakwera. Anati tidikire alowe. Anakhala pa chidebe chovundikira, ine ndinaima ndikugwedeza mwana, ndipo anayamba za kwawo monga mwa masiku onse.

Anati fakitale ya thonje itayamba kufooka kunabwera migodi ya malasha, ndipo tawuni yonse inalowa pansi. Bambo awo, agogo awo, onse ankatuluka maso okha akuyera. Kalekale, agogo awo asanabadwe, mpweya unaphulika mumgodi m'mawa wina n'kupha anthu oposa mazana awiri, ena ana aang'ono. Anati panalibe msewu umene munalibe maliro, ndipo mabanja ena anatha amuna onse tsiku limodzi. Ananena zimenezi akuyesa dothi ndi chidendene, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Ine ndinamva, koma sizinandilowe. Ndinkayang'ana nthunzi.

Anathiranso madzi. Anaimirira, analavulira m'manja ngakhale anali m'magolovesi, n'kutukula piki. Sankamenya mwamphamvu. Ankasiya piki igwe yokha, n'kuipotoza pang'ono, chibuma n'kutumphuka. Anati bambo awo anawaphunzitsa choncho. Pamwamba panali polimba, koma atapitirira chikhatho chimodzi dothi linafewa, lakuda, lonunkhira ngati la m'dimba la kwathu mvula yoyamba ikagwa. Anapuma, akutsamira mpini.

Sindikudziwa chimene chinanditsekula pakamwa. Mwina chifukwa dzina linali m'mutu mwanga masiku onsewo. Ndinafunsa kuti Blantyre amatanthauza chiyani.

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Wafunsa munthu wolakwika, koma wolondola kulibe. Aphunzitsi athu ankati ndi mawu a chilankhulo chakale chimene chinafa, otanthauza kumapeto kwa mtunda, kapena pamutu pa dziko, chifukwa mtsinje umakhota pamenepo. Abusa ankati ayi, ndi munda wa anthu opatulika, poti kale pa phompho la mtsinje panali nyumba ya amonke, moyang'anizana ndi linga la mafumu tsidya linalo. Miyala yake ilipobe, tinkaseweramo. Amayi anga anawerenga penapake kuti ndi malo ofunda obisalirako. Ofunda! Munthu amene ananena zimenezo sanagonepo m'nyumba mwathu."

"Nanga bambo anu?"

"Bambo anga ankati limatanthauza dzuka upite kuntchito."

Anatenga fosholo n'kuyamba kutapa dothi. Anati migodi inatsekedwa iwo ali mnyamata, n'chifukwa chake anabwera kuno. Atabwerera kwawo patapita zaka anakapeza mzere wa nyumba zawo anaugwetsa, pali poimika magalimoto. Anazungulira osadziwa pamene panali khomo lawo. Amene anawafunsa njira anali ana osawadziwa.

"Koma pa siteshoni chikwangwani chinali chomwecho. Amene analipereka dzinalo anafa osatiuza chimene ankatanthauza. Ife tinangolipeza, tinkaliitana, basi. Inunso munalitenga osafunsa."

Dzenje linafika cha m'chigongono. Anaimirira n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse kachitini. Ndinabwerera m'mbuyo. Munthu wakukumbira dzenje, akuwefuka, ndiye umuuze kuti achoke.

"Pepani," ndinatero. "Mwamuna sayenera kuona."

Anandiyang'ana, n'kuloza ndi chibwano kumsana kwanga.

"Nanga bwana ali kumbuyoyo ndi mkazi?"

"Ali m'tulo."

"Chabwino. Ine ndikalondera pa geti. Akabwera amuna ena ndiwagwetsa ndi piki."

Anapita akutsimphina n'kukaima pa geti atandifulatira, manja m'matumba, akuimba kaluzu.

Ndinagwada. Ndinavula magolovesi, poti zinthu zotere sugwira ndi nsalu ya eni. Ndinatsekula kachitini, ndinatulutsa kansalu ka amayi, n'kukaika pansi pa dzenje. Ndinadikira kuti mwina mawu ena abwera. Sindinkadziwa ngati amayi akanalankhula kanthu pamenepo, chifukwa wanga atakwirira ndinali khanda, ndipo wa mng'ono wanga sanandionetse. Palibe chinabwera. Ndinakankhira dothi ndi manja. Linali lofunda chifukwa cha madzi aja, pamwamba pokha ndi pamene panali zibuma zozizira. Ndinatsindira ndi chikhatho. Ndili mkati motsindira ndinakumbukira kuti kumanda kwa amayi, pamene foni inazima, anthu ankapita kukaponya dothi, ndipo langa silinaponyedwe. Ndinatapa lina pang'ono m'mbali n'kuwaza pamwamba. Kenako ndinabwezera udzu ndi kapeti.

Ndinamasula jekete, ndinamuzungulitsa mwana kubwera kutsogolo. Chipewa chinali chitamutsikira m'maso. Ndinachikweza. Ndinamuitana dzina. Mawu anatuluka okhakhala ngati a munthu wodzuka kumene. Sanadzuke. Anangoyendetsa milomo ngati akuyamwa. Ndinamuitananso, ndipo kachiwiriko linamveka ngati dzina la munthu.

"Mwatha?" anakuwa Madala osatembenuka. "Mapazi anga afa kale, atsala kuikidwa."

Pobwerera ndinakoka kangolo ndine. Pa khomo anandifunsa dzina la bwana. Ndinawauza. Analiyesa katatu, analipotoza mpaka kukhala chinthu china, ndiye anati azingomuitana mnyamata wa kwathu.

Nditakwera ndinasamba m'manja madzi ofunda, zala zikuwawa pobwerera moyo. Dothi la m'zikhadabo linakana kutuluka. Ndinawaimbira amayi aakulu.

"Ndakwirira."

"M'dothi?"

"M'dothi, kudimba, pafupi ndi chomera chosazulidwa."

"Mwamuna sanaone?"

"Sanaone."

"Wamuitana?"

"Ndamuitana."

Anayamba kulira pa foni, akuitana malemu mng'ono wawo, akumuuza kuti mdzukulu wake watuluka m'chikuta. Ndinawamvera mpaka anamaliza. Ine misozi sinabwere. Amuna anga atafika madzulo anapeza supuni yopindika pa sinki, anaitembenuza, anandiyang'ana. Nthawi yomweyo mwana analira kuchipinda, ndipo ndinayankha ndi dzina lake kuti ndikubwera. Anaibweza supuniyo mu dirowa osafunsa.

Madala anasamuka chilimwe chotsatira. Mwendo unawakanika, ndiye mwana wawo wamkazi anadzawatenga kupita nawo ku Manassas, kumene iye amakhala. Chithunzi cha mtsinje anapita nacho. Kamunda kaja anapatsa banja lina limene sindilidziwa. Anadzala tsabola ndi kabichi, koma chomera cha mapesi ofiira anachisiya pakona pomwepo, masamba ake aakulu ngati a koko.

Mwanayu tsopano akuyenda, ndipo akamva dzina lake amatembenuka. Popita kumalo osewerera ana timadutsa njira ya kudimbako ngakhale ndi yozungulira. Amagwira waya n'kumayang'ana agulugufe. Ine ndimaima pambali pake. Kulira amayi sindinalirebe. Amayi aakulu amati kudzabwera tsiku lake, mwina ndili mu basi kapena ndikusankha tomato m'sitolo. Ndimadikira pang'ono pa wayapo, kenako ndimamuitana kuti tizipita, ndipo amabwera.